Zaka 20 Pakati pa Bwalo: Junior Seau ndi Ntchito ya Linebacker

Mu Epulo 1990, matimu a ligi ya NFL ya ku America atakhala pansi kugawana anyamata ochokera m'mayunivesite, mayina a osewera awiri a malo amodzi anaitanidwa motsatizana. Wachinayi anali Keith McCants wa ku Alabama, amene anatengedwa ndi Tampa Bay Buccaneers. Wachisanu anali Junior Seau wa ku University of Southern California, yomwe amangoitchula kuti USC, ndipo anapita ku San Diego Chargers, timu ya kwawo. Onse awiri ankasewera malo otchedwa linebacker, onse anasiya sukulu kutatsala chaka chimodzi, ndipo ambiri otsata masewerawa ankati woopsa kwambiri ndi McCants. Koma McCants anangotha sizoni 6 maondo n'kumukana. Mankhwala opha ululu anamusandutsa kapolo, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 53. Seau anasewera sizoni 20, dzina lake linalembedwa pakati pa akatswiri osaiwalika a ligiyi, koma anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 43 zokha. M'mabuku a ligi woyambayo amatchulidwa ngati chitsanzo cha timu kusankha molakwika, wachiwiriyo ngati chitsanzo cha timu kutola chikwama. Wofuna kumvetsa njira yochokera ku koleji kukafika ku NFL, zimene imapereka ndi zimene imalanda, angachite bwino kutsatira Seau, popeza ndiye anaiyenda mpaka pothera.

Choyamba tidziwe malo amene ankaima. Mu mpira wa ku America timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, koma owukira ndi otchinga ndi magulu awiri osiyana. Mpira ukapita kwa adani, gulu lowukira limatuluka lonse n'kulowa lotchinga. Owukira amapatsidwa mwayi kanayi kuti asunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Akakwanitsa amayambanso kuwerenga, akalephera mpira umapita kwa anzawo. Otchinga amaima m'mizere itatu. Kutsogolo kumakhala zimphona zomwe zina zimalemera makilogalamu 130 kapena kuposa, kumbuyo kwenikweni kumakhala anyamata aliwiro olondera amene akuthamangira kukawakha mpira, ndipo pakati pa mizere iwiriyi ndi pamene pamaima linebacker, atatu kapena anayi malinga ndi mmene kochi wakonzera.

Munthu wapakatiyu alibe ntchito imodzi. Wothamanga ndi mpira akaboola mzere woyamba, womugwetsa ndi iyeyu. Woponya mpira, amene amamutcha quarterback, akaponya chapafupi, iyeyu ayenera kubwerera chafutambuyo n'kukatseka mpata. Nthawi zina amatumidwa kuti athamangire quarterback yemweyo n'kumugwetsa asanaponye, ndipo kugwetsa kotereku amakutcha sack. Kuti adziwe chochita pa zitatuzi amakhala ndi sekondi imodzi kapena ziwiri. Kuyambira mu 2008 ligi inalola kuti wotchinga mmodzi azikhala ndi kawailesi m'chisoti komvera malangizo a kochi, ndipo nthawi zambiri amakhala linebacker wapakati, chifukwa ndiye amauza anzake poima. Chinthu chimodzi pa malowa n'chofunika kuchisunga m'mutu: zimphona zakutsogolo zimagundana zitayandikana, sitepe imodzi yokha, pamene linebacker amakhala ndi mayadi anayi kapena asanu oti athamange kaye. Amagundana ndi munthu ali pa liwiro, ndipo amatero kambirimbiri pa masewero aliwonse komanso pokonzekera mkati mwa sabata.

Matimu a NFL alibe magulu a achisodzera olerera osewera awoawo. Ntchito imeneyi amaigwira ndi mayunivesite, ndipo mpira wa m'makoleji ndi malonda aakulu pawokha. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, ndipo makampani a wailesi yakanema amalipira ndalama zankhaninkhani kuti aonetse masewerawa. M'nthawi ya Seau, ndiponso kwa zaka zambiri pambuyo pake, wosewera ankalandira fizi, pogona ndi chakudya basi. Malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, ankaletsa malipiro alionse, ndipo ndi mu Julayi 2021 pamene osewera analoledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi mayina awo. NFL nayo salola munthu kulowa asanathe zaka zitatu chitsirizireni sekondale. Kunena mosapsatira, ligi yolemera kuposa ina iliyonse padziko imalandira antchito ophunzitsidwa kale, oyesedwa kale, ena ovulala kale, osalipirako kalikonse. Pa anyamata onse amene amafika msinkhu wosankhidwa, amene amaitanidwa sakwana 2 pa 100 alionse.

Seau anakulira ku Oceanside, kumpoto kwa San Diego, m'banja lochokera ku American Samoa. Zaka zina zaubwana anakhala ku zilumbako, moti Chingerezi anachiphunzira atakulako. Nyumba inali yaing'ono, ndipo iye ndi abale ake aamuna ankagona m'galaja. Ku sekondale ya Oceanside ankaposa anzake pa mpirawu, pa basketball ndi pa masewera othamanga ndi kuponya, choncho mayunivesite akuluakulu anamulimbirana. Atafika ku USC mu 1987 anakumana ndi chipupa. Lamulo la NCAA lotchedwa Proposition 48 linkafuna kuti wosewera watsopano akhale ndi mapointi 700 pa mayeso a SAT, koma iye anapeza 690. Chifukwa cha mapointi 10 anakhala chaka chonse osasewera. Lamuloli linali ndi cholinga chomveka, chothetsa chizolowezi cholemba anyamata ngati ophunzira pamene m'kalasi samapondamo, koma linkapweteka kwambiri ana a m'mabanja osauka ndi amene Chingerezi sichinali chiyankhulo chawo choyamba.

Mu 1988 sanaoneke kwambiri. Mbiri yake yonse ya ku koleji inamangidwa pa chaka chimodzi, 1989, pamene anagwetsa ma quarterback maulendo 19, anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ligi ya Pac-10, nalowa m'timu ya osewera abwino koposa a m'makoleji onse a dzikolo. USC ya kochi Larry Smith inatseka sizoniyo pogonjetsa Michigan ndi mapointi 17 kwa 10 pa Rose Bowl. Jezi yake ya nambala 55 inasanduka cholowa ku USC, ndipo anadzaivala pambuyo pake ma linebacker ena otchuka monga Willie McGinest ndi Chris Claiborne. Chaka cha 1990 chinali choyamba NFL kutsegula chitseko kwa ophunzira a chaka chachitatu, ndipo Seau sanazengereze.

Kodi zimene munthu wachita ku koleji zimalosera zimene adzachite mu ligi? Pang'ono chabe, ndipo Seau mwiniyo ndi umboni. San Diego inamutenga ataonetsa luso lothamangira quarterback kuchokera m'mbali, koma inamuika mkati, momwe ntchito yaikulu ndi kuwerenga masewero ndi kugwetsa othamanga ndi mpira. Pa zaka 20 sanadutsepo ma sack 7 pa sizoni, ndipo onse pamodzi anakwana 56.5. Chomwe chinamutchukitsa ndi luso lina lomwe ziwerengero za ku USC sizinkaonetsa. Zitsanzo za mbali zonse ziwiri zilipo zambiri. Brian Bosworth wa ku Oklahoma analandira kawiri mphoto ya Butkus, yomwe imaperekedwa kwa linebacker wopambana m'makoleji, mu 1985 ndi 1986, koma ku Seattle anangotha sizoni zitatu phewa n'kumuthera ntchito. Sam Mills, wa ku kakoleji ka Montclair State, anali wamfupi moti palibe timu inamusankha. Anachotsedwa ku Cleveland ndi ku Toronto, anaphunzitsako kusekondale, kenaka anadzera mu ligi ya USFL n'kukasewera zaka 12 ku New Orleans ndi ku Carolina, ndipo mu 2022 analowetsedwa mu Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri osaiwalika a mpirawu. James Harrison naye sanasankhidwe mu 2002, koma mu 2008 anali wotchinga wopambana mu ligi yonse. Ku koleji mnyamata wamphamvu amaposa anzake ndi thupi lokha. Mu NFL aliyense ndi wamphamvu, choncho chimasiyanitsa ndi maso, malo amene kochi wakuika, ndi mwayi wosavulala msanga.

Maso a Seau anali achilendo. Ankaonera kwambiri mafilimu a adani, ndipo m'bwalo ankasewera ngati wamva kale zimene agwirizana. Nthawi zambiri ankasiya mpata umene anapatsidwa n'kulumphira kumene mtima wamuuza kuti mpira ukupita. Akalondola, wothamanga ankagwa asanapondeko sitepe, bwalo lonse n'kuphulika. Akaphonya, kumbuyo kwake kunkatsala msewu. Makochi okonda dongosolo sakanamulola munthu wina kuchita zimenezi, ndipo omudzudzula ankanena zoona kuti anzake ankagwira ntchito yotseka mabowo amene iye wasiya. Koma ankalondola kambiri kuposa kuphonya, moti kuyambira 1991 mpaka 2002 anasankhidwa kupita ku Pro Bowl, masewero a akatswiri a ligi, zaka 12 zotsatizana.

Pachimake pa zonse panali sizoni ya 1994. Chargers ya kochi Bobby Ross inapita ku Pittsburgh mu Januwale 1995 kukalimbirana malo a ku Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, anthu ambiri ataiweruza kale kuti ikukagonja. Seau anali ndi mtsempha wopanikizika m'khosi, dzanja limodzi silinkagwira bwino, komabe anagwetsa adani maulendo 16, ndipo San Diego inapambana 17 kwa 13 pamene mnzake Dennis Gibson anamenya mpira womaliza wa Neil O'Donnell, quarterback wa Pittsburgh, pafupi ndi mzere wogoletsera. Patatha sabata ziwiri, ku Miami, San Francisco 49ers inawakwapula 49 kwa 26, Steve Young ataponya zigoli 6. Chargers sinabwererenso ku Super Bowl mpaka lero. Masewero a ku Pittsburgh aja ndi amene amatchulidwa kawirikawiri pomutamanda, ndipo chimene amatamanda n'chakuti anasewera ali wovulala. Anzake akale amasimba kuti ankakonda kulandira chithandizo kumene osewera ena sangamuone, kuti asadziwe kuti mtsogoleri wawo akumva ululu. Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Seau ankaukhulupirira udindo wakewo motero. Vuto n'lakuti panalibe aliyense, kaya kochi, dokotala wa timu kapena mtolankhani, amene anali ndi chifukwa chomuletsa.

Zaka zotsatira timu inalowa pansi. Mu 2000 inapambana kamodzi kokha pa masewero 16, koma Seau ankasewera ngati pali chikho. Mu mzinda wa San Diego anali woposa wosewera: anali ndi lesitilanti yake, bungwe lake lothandiza ana, ndipo mu 1994 ligi inamupatsa mphoto ya wosewera wothandiza kwambiri anthu. Mu 2003 Chargers inamugulitsa ku Miami Dolphins, komwe thupi linayamba kulankhula. Mu 2004 mnofu wa pachifuwa unang'ambika, mu 2005 mtsempha wa kuchidendene unamuvuta. Pa 14 Ogasiti 2006 analengeza kuti wapuma, koma patangotha masiku anayi anasaina ndi New England Patriots ya Bill Belichick. Chaka chomwecho anathyoka mkono. Mu 2007 anali mmodzi wa makaputeni a timu yomwe inapambana masewero onse 16 a sizoni, n'kukagonja 17 kwa 14 kwa New York Giants pa Super Bowl ya mu Febuluwale 2008. Anabwereranso mu 2008 ndi mu 2009 atachita kuitanidwa sizoni ili mkati, ndipo anasiya ali ndi zaka 40, atasewera masewero 268 osawerengera a ndime yachipulula. Bungwe la osewera limati munthu wamba mu NFL amatha zaka zitatu ndi pang'ono.

Pa zaka zonsezi dzina la Seau silinalembedwepo pa mndandanda wa ovulala chifukwa cha kugwedezeka kwa ubongo. Munthu amene anagwetsa anzake maulendo oposa 1,800 sangakhale kuti sanazunguzikepo mutu. Zimene chiwerengero chopanda kanthuchi chikutiuza n'zakuti iye sankanena, ndipo ligi sinkafunsa.

Atapuma zinthu zinasokonekera msanga. Achibale ake anadzafotokoza za kusowa tulo, kuiwala, kupsa mtima mwadzidzidzi, kudzipatula, mowa ndi njuga. Mu Okutobala 2010 galimoto yake inagwera kuphompho ku Carlsbad, patangotha maola ochepa apolisi atamugwira pa nkhani ya mkangano wa m'nyumba. Sanaimbidwe mlandu, ndipo iye anati anasinza pachiwongolero. Pa 2 Meyi 2012 anadzipha m'nyumba yake ku Oceanside. Banja linapereka ubongo wake ku National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza zamatenda, ndipo mu Januwale 2013 linalengeza kuti Seau anali ndi matenda otchedwa chronic traumatic encephalopathy, CTE mwachidule.

Matendawa ankadziwika kale pakati pa ankhonya kuyambira m'ma 1920. Amene anawapeza koyamba mwa wosewera wa NFL ndi Bennet Omalu, dokotala wopima mitembo wobadwira ku Nigeria, amene mu 2002 anapima ubongo wa Mike Webster wa Pittsburgh Steelers n'kufalitsa zimene anapeza mu 2005. Chimachitika n'chakuti ubongo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Chisoti chimateteza chigaza kuti chisasweke, koma mutu ukaima mwadzidzidzi ubongo umapitirirabe kuyenda n'kupotoka mkatimo. Zikachitika mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, puloteni yotchedwa tau imayamba kuunjikana mozungulira timitsempha ta magazi ndipo maselo amafa pang'onopang'ono. Komiti ya ligi yoona za kuvulala kwa mutu, yomwe inakhazikitsidwa mu 1994 motsogozedwa ndi Elliot Pellman, dokotala wa matenda a nyamakazi osati a ubongo, inafuna kuti zolemba za Omalu zichotsedwe. Zinatenga mpaka Malichi 2016 kuti mkulu wina wa NFL, Jeff Miller, avomere pamaso pa aphungu a ku Washington kuti mpirawu ndi CTE n'zogwirizana.

Pamafunika kusamala pano, chifukwa nkhaniyi imakokomezedwanso. Mu 2017 gulu la Ann McKee ku Boston University linapeza CTE mu ubongo 110 pa 111 wa osewera akale a NFL. Chiwerengerochi n'choopsa, koma ubongowo unaperekedwa ndi mabanja amene anaona kale zizindikiro, choncho sichikutanthauza kuti pafupifupi wosewera aliyense ali ndi matendawa. CTE imatsimikizika munthu akamwalira basi, ndipo asayansi sanagwirizane kuti ndiyo imachititsa munthu kudzipha. Seau anali ndi ngongole, banja lake linali litatha, ndipo anali atataya ntchito yokhayo imene ankaidziwa kuyambira ali mnyamata. Kuika zonse pa matenda amodzi n'kuchepetsa moyo wake. Koma chimene ofufuza akuchipeza mobwerezabwereza n'chakuti choopsa kwambiri si kukomoka kamodzi kapena kawiri ayi, koma kuchuluka kwa kugundana konse, kuphatikizapo kwakung'ono komwe munthu amadzuka n'kupitiriza. Gulu la ku Boston lomwelo linalengeza mu 2019 kuti chiopsezo chimawirikiza kawiri pa zaka 2.6 zilizonse zosewera. Ngati ndi choncho, chiwerengero chomwe chimapatsa Seau ulemu waukulu, zaka 20 mu ligi kuwonjezera za ku USC ndi za kusekondale, ndi chomwechonso chimene dokotala angachiyang'ane moda nkhawa. Otsata mpira wamiyendo wa ku England asaone ngati izi n'zakutali: Jeff Astle wa West Bromwich Albion, katswiri womenya mpira ndi mutu amene anamwalira mu 2002, anapezekanso ndi CTE.

Imfa ya Seau inagwedeza ligi kuposa za ena amene anamwalira iye asanafe, chifukwa anali atangosiya kumene ndipo aliyense ankamudziwa. Mu Ogasiti 2013 NFL inavomera kulipira madola 765 miliyoni kwa osewera akale oposa 4,500 amene anaisumira, ndipo woweruza Anita Brody ataona kuti ndalamazo sizingakwane, malire anachotsedwa. Pambuyo pake zinaululika kuti poyeza odwala ankaganiziratu kuti osewera akuda amayamba ndi nzeru zocheperapo, zomwe zinkachititsa kuti ambiri akanidwe chipukutamisozi, ndipo ligi inavomera kusiya mchitidwewu mu 2021. Banja la Seau linakana kulowa m'gulu lija, linasuma palokha, ndipo linagwirizana ndi ligi mwachinsinsi mu 2018. Mu 2015 Seau analowetsedwa mu Hall of Fame ku Canton, ku Ohio.

Kusintha kooneka bwino kunachitika m'maganizo a ma linebacker enieniwo. Mu Malichi 2015 Chris Borland wa San Francisco, atasewera bwino sizoni imodzi yokha, anasiya ali ndi zaka 24, nanena poyera kuti akuopa za ubongo wake, ndipo anabweza magawo atatu mwa anayi a ndalama zimene analandira posaina. Luke Kuechly anali chitsanzo cha munthu amene koleji inamulosera molondola: ku Boston College anagwetsa adani maulendo 532 pa zaka zitatu, Carolina inamusankha wachisanu ndi chinayi mu 2012, ndipo mu 2013 anali kale wotchinga wopambana mu ligi. Ubongo wake unagwedezeka mu 2015, mu 2016 ndi mu 2017, ndipo ulendo wa mu 2016 dziko lonse linamuona pa wailesi yakanema akutuluka m'bwalo atakwezedwa pakangolo, akulira ndi kupuma movutikira. Mu Januwale 2020 anapuma ali ndi zaka 28, akadali m'gulu la opambana. M'nthawi ya Seau munthu wotere akanatchedwa wamantha. Komabe tisanamize kuti chitsekochi n'chotseguka kwa onse. Kuechly anali atasaina kontrakiti ya madola oposa 60 miliyoni. Mnyamata wosankhidwa kumapeto, amene malipiro ake ndi osatsimikizika ndipo wina akudikira malo ake, akadali ndi zifukwa zonse zobisira chizungulire.

Malamulo nawo asintha ndithu. Mgwirizano wa ligi ndi osewera wa mu 2011 unachepetsa masiku okonzekera mogundana, madokotala a ubongo osalembedwa ndi timu amakhala m'mbali mwa bwalo kuyambira 2013, kumenya munthu ndi nsonga ya chisoti ndi mlandu, ndipo kuyambira 2022 osewera a malo ena amavala zophimba zofewa pamwamba pa chisoti pokonzekera sizoni. Zonsezi n'zothandiza, makamaka kuchepetsa kugundana kwa mkati mwa sabata. Koma zambiri mwa izo zikulimbana ndi kumenya kumodzi koopsa komwe kamera imaona, pamene umboni ukuloza ku chiwerengero chonse, ndipo chiwerengero chimenecho akuchikweza ndi eni ligi omwewo. Mu 2021 NFL inawonjezera masewero a sizoni kuchoka pa 16 kufika pa 17, ndipo mkulu wa ligi Roger Goodell walankhulapo poyera za 18. Kumakoleji n'chimodzimodzi: USC ya Seau inasewera masewero 12 mu sizoni ya 1989, pamene Ohio State, kuti itenge chikho cha sizoni ya 2024, inasewera 16.